Ford 1046: kuchoka m'bokosi la matabwa kubwerera ku Le Mans

Mu 1983 munthu wina wogulitsa magalimoto akale wa ku Wisconsin, m'dziko la America, anapeza ku Belgium galimoto yophwasulidwa itasungidwa m'bokosi la matabwa. Poiona ndi maso inalibe chokopa. Chimene chinamugwira mtima ndi nambala ya chesesi, GT40P/1046. Anthu otsata mipikisano ya magalimoto nambala imeneyi amaidziwa pamtima, chifukwa ndi ya Ford yakuda ija imene Bruce McLaren ndi Chris Amon anapambana nayo mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, m'dziko la France, pa 19 Juni 1966.

Patatha zaka 33 chipezekereni m'bokosimo, mu Juni 2016, galimoto yomweyo inaonekeranso ku Le Mans itavala utoto wake wakuda, mizere yasiliva ndi nambala 2 m'mbali. Kuibwezera m'chimake kunatenga miyezi pafupifupi 20 ndiponso maola ogwira ntchito okwana 4,000. Ena amati kumeneku ndi kuseweretsa ndalama kwa anthu osowa nazo chochita. Ena, odziwa bwino za magalimoto akale, amadandaula kuti kukonza kotereku kumafufuta mbiri. Madandaulo onsewa ngomveka. Komabe pa 1046 okonzawo anachita choyenera, ndipo chifukwa chake chikupezeka mu zimene galimotoyi inadutsamo.

Nkhani inayamba ndi mkwiyo. Mu 1963 kampani ya Ford inatsala pang'ono kugula Ferrari ya ku Italy, koma Enzo Ferrari anabwerera m'mbuyo ataona kuti mgwirizanowo umulanda ulamuliro pa gulu lake la mipikisano. Henry Ford II sanazimve bwino. Analamula anthu ake kuti apange galimoto yokagonjetsa Ferrari ku Le Mans, kumene Ferrari inapambana zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, kuyambira 1960 mpaka 1965. Ntchito inachitikira ku England, ku Slough, potengera nzeru za galimoto ya Lola Mk6 ya Eric Broadley. Dzina loti GT40 linabwera chifukwa kuchokera pansi kufika padenga galimotoyo ndi mainchesi 40 okha, kungopitirira pang'ono mita imodzi. Munthu wamkulu akaima pambali pake, denga limamulekeza cha m'chiuno.

Zaka ziwiri zoyambirira zinali zamanyazi. Mu 1964 ndi 1965 panalibe GT40 ngakhale imodzi imene inamaliza mpikisano wa Le Mans.

Ya mtundu wa Mk II, imene 1046 ili m'gulu lake, ndiyo inathetsa manyaziwo. Kumbuyo kwa dalaivala anaikako injini ya V8 ya malita 7, yochokera ku magalimoto akuluakulu a Ford othamanga m'mipikisano ya ku America, ndipo kampani ya Kar Kraft ya ku Dearborn inapanga giyabokosi ya magiya anayi yotha kupirira mphamvu zoterozo. Injini ankaziyesa m'nyumba yoyesera, makina akuzikweza ndi kuzitsitsa liwiro monga mmene zikachitira pa msewu weniweni wa Le Mans, usana ndi usiku, mpaka chofooka chilichonse chioneke. Kulowa m'galimotoyi nkovuta. Chitseko chimatseguka pamodzi ndi chigawo cha denga. Dalaivala amadumpha chipupa chotambalala cha m'mbali, ndipo m'kati mwa chipupa chimenecho ndimo muli petulo, kumanja ndi kumanzere. Chiwongolero chili kumanja, ndodo ya magiya nayonso ili kudzanja lamanja, pakati pa ntchafu ya dalaivala ndi chitseko. Akakhala pansi amakhala ngati wagona chagada, petulo m'mbali zonse ziwiri, injini ikubangula kuseri kwa mutu.

Vuto lalikulu linali mabuleki. Msewu wa Le Mans panthawiyo unali wa makilomita 13.461 kuzungulira kamodzi, ndipo chigawo chake chotchedwa Mulsanne chinali chowongoka mtunda wa makilomita pafupifupi 6. Kumeneko Mk II inkapitirira makilomita 320 pa ola, kenaka nkukumana ndi khona yakuthwa. Galimoto yolemera kuposa tani imodzi ikamangidwa mabuleki pa liwiro lotero, mbale zachitsulo za mabuleki zimafiira psuu, ndipo zikazizira msanga pa msewu wowongoka wotsatira zimang'aluka. Phil Remington, mmisiri wamkulu wa gulu la Carroll Shelby limene linkathamangitsa magalimoto a Ford, anapeza njira yoti amakaniko azichotsa mbale zotenthazo nkuikapo zina m'kanthawi kochepa galimoto ikaima kuthira mafuta. Dzina la Remington silimveka kawirikawiri monga la madalaivala, chonsecho popanda nzeru yakeyo injini yaikulu ija ikanangokhala katundu.

Mu 1966 Ford inabweretsa ma Mk II asanu ndi atatu: atatu a gulu la Shelby American, atatu a Holman & Moody, awiri a Alan Mann wa ku England. Henry Ford II mwiniwake ndiye anatsitsa mbendera yoyambitsira mpikisano 4 koloko masana Loweruka pa 18 Juni. Magalimoto 55 ananyamuka. McLaren ndi Amon, onse a ku New Zealand, anali ndi 1046 yopakidwa utoto wa dziko lawo, wakuda ndi siliva. Poyamba zinthu sizinawayendere. Matayala a Firestone amene anayamba nawo ankasupuka zidutswa pa Mulsanne, ndipo ngakhale anali pa mgwirizano wa malonda ndi Firestone, anasintha nkuvala a Goodyear. Nthawi inatayika, ndipo kuchoka apo anayendetsa mosasunga kanthu kuti awapeze anzawo. Usiku ma Ferrari amphamvu onse anagwa. Lamlungu m'mawa Ford ya Dan Gurney ndi Jerry Grant, imene inali kutsogolo, inatentha injini nkuima. Kutsogolo kunatsala magalimoto awiri a Shelby: 1015 ya Ken Miles ndi Denny Hulme, ndi 1046.

Zimene zinachitika m'maola omaliza mpaka lero anthu amakangana nazo. Akuluakulu a Ford, motsogozedwa ndi Leo Beebe, anafuna chithunzi cha magalimoto awo akumaliza limodzi, ndipo analamula kuti awiri otsogolawo afike pamzere pamodzi. Miles, amene chaka chomwecho anali atapambana kale ku Daytona ndi ku Sebring, anachepetsa liwiro. Koma malamulo a Le Mans panthawiyo ankawerenga mtunda umene galimoto yayenda. Poyambira, 1046 inaimikidwa mamita angapo kumbuyo kwa 1015, choncho ngakhale zikanafika mphuno ndi mphuno, ya McLaren ndiyo inali itayenda mtunda wautali. Chipambano chinapita kwa McLaren ndi Amon: kuzungulira ka 360, makilomita 4,843, liwiro lapakati lopitirira makilomita 200 pa ola kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mpikisanowu. Yachitatu inali 1016 ya Ronnie Bucknum ndi Dick Hutcherson. Pa magalimoto 55 aja, 15 okha ndiwo anawerengedwa kuti amaliza.

Miles anafa patatha miyezi iwiri, pa 17 Ogasiti 1966, akuyesa galimoto yatsopano ya Ford ku Riverside, ku California. Filimu ya mu 2019 ya Ford v Ferrari inasimba nkhaniyi moikira iye kumbuyo, ndipo ambiri amene anaionera anatuluka akuona ngati galimoto yakuda ija inaba chikho. Kutero nkuwalakwira McLaren ndi Amon. Nawonso analamulidwa kusunga liwiro lopimidwa ndi akuluakulu, nawonso anataya nthawi pa zifukwa zomwe sizinali zawo, ndipo galimoto yawo inapirira maola 24 pamene ma Mk II asanu mwa asanu ndi atatu aja anafera panjira.

Munthu angaganize kuti Ford inatenga galimoto imene inaipatsa chipambano choyamba ku Le Mans nkuisunga ngati diso. Ayi ndithu. Kwa gulu la mpikisano galimoto ya chaka chatha ndi chipangizo chogwirira ntchito basi. 1046 anaigwiritsa ntchito yoyesera zipangizo, ndipo mu Febuluwale 1967 anaitumiza ku mpikisano wa maola 24 wa ku Daytona, Lloyd Ruby ndi Denny Hulme akuyendetsa. Sinamalize. Tsiku limenelo Ferrari inabweza moto, inatenga malo atatu oyambirira pabwalo la eni ake a Ford. Kuchoka apo 1046 anayamba kuizula masipeya, inagulitsidwa, inadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo mmodzi wa iwo anayamba kuisandutsa galimoto yapamwamba yoyendera m'misewu ya m'tauni. Ntchitoyo sinathe. Umo ndi mmene inakathera m'bokosi ku Belgium.

Apa ndiye pali mutu wa nkhani. Amene amati galimoto yakale izisiyidwa mmene yapezekera amanena zoona ngati chopezekacho chikadali chathunthu. Chitsanzo chilipo m'banja lomwelo la Ford. Mk IV yofiira imene Dan Gurney ndi A.J. Foyt anapambana nayo Le Mans mu 1967 sinathamangenso mpikisano wina, ndipo imasungidwa ku The Henry Ford, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Dearborn. Padenga pake pali kachotupa kamene anaumba kuti chisoti cha Gurney, munthu wamtali, chikwane. Galimoto imeneyo kuiphwasula nkuipakanso utoto ungakhale mlandu, chifukwa pafupifupi chilichonse chili pamenepo chinaikidwa ndi manja a anthu a mu 1967. Koma 1046 inalibe mwayi wotero. Mmene imafika zaka za m'ma 1980 inali itasinthidwa kale kangapo, ndipo panalibe maonekedwe amodzi oti munthu anganene kuti awa ndiwo ake, tiwasunge. Kuisiya m'bokosi sikukanasunga mbiri ya Le Mans. Kukanasunga mbiri ya kusasamala.

Munthu wa ku Wisconsin uja anaimanganso nkuisunga zaka zoposa 25. Mu 2014 inagulidwa ndi Rob Kauffman, wamalonda wa ku America amene analinso m'mipikisano ya magalimoto, ndipo anaipereka kwa Mark Allin ndi anzake a garaja ya Rare Drive ku New Hampshire. Lamulo linali limodzi: ibwerere mmene inalili ku Le Mans mu 1966.

Lamulo limeneli limamveka lophweka, koma limamanga manja mmisiri aliyense wonyadira luso lake. Galimoto za mpikisano za nthawi imeneyo sizinkamangidwa kuti zikaonetsedwe. Zinkamangidwa mothamanga, usiku, ndi anthu otopa. Powotcherera pamakhala potupa, bulaketi imapindidwa pamanja nkukhala yopendekeka pang'ono, mabowo amaboola poyeza ndi maso, ndipo magalimoto awiri a gulu limodzi sankafanana ndendende chifukwa dalaivala aliyense ankafuna zake. Mmisiri wa lero ali ndi zida zoti angawongole zonsezo, ndipo dzanja limamuyabwa kuti atero. Wokonza wabwino amadziletsa. Amatenga chithunzi chakale chakuda ndi choyera, nkuchikuza mpaka aone kumene paipi ya oyilo inadutsa, mbali imene mutu wa bauti unaloza, ndi pamene nambala inamatidwa pokhota pa chitseko. Akapeza kuti amakaniko a Shelby anaika chinthu mokhota, nayenso amachiika mokhota. Akapeza chitsulo choyambirira chili ndi dzimbiri pangodya, amadula pangodya pokhapo, satula chonse. Gulu la Rare Drive linadalira zithunzi ndi zolembedwa za nthawiyo, ndipo ntchito yawo inajambulidwa pa kanema nkuikidwa pa intaneti kuti aliyense aone. Chomalizachi nchofunika kuposa kuwala kwa utoto.

Chifukwa chake nchakuti pamene pali ndalama zambiri pamabweranso bodza. Mu 2018 kampani ya RM Sotheby's inagulitsa 1016, ija inamaliza pachitatu, pa madola 9,795,000 a ku America. Ngati yachitatu ili pamenepo, yoyamba ili kutali. Aliyense amene anagulako galimoto yogwiritsidwa kale ntchito amadziwa kuti asanatulutse ndalama amagwada nkufananiza nambala ya pa chesesi ndi ya mu bulubuku. Pa magalimoto a mpikisano nambala yokha siikwanira, chifukwa galimoto ikachita ngozi ankasintha chesesi, bodi kapena injini, ndipo zidutswa zotayidwazo patapita zaka zimatha kubala magalimoto awiri kapena atatu, iliyonse ikudzitcha yeniyeni.

Nkhani yotere inafika mpaka kukhoti ku London mu 1990. Bentley Speed Six yotchedwa Old Number One inapambana Le Mans mu 1929 ndi 1930. Woolf Barnato, amene chuma cha banja lake chinachokera ku migodi ya dayamondi ya Kimberley ndi ya golide ya Johannesburg, anali mmodzi wa oyendetsa maulendo onse awiri. Pambuyo pake galimotoyo inasinthidwa kwambiri, ndipo mu 1932 inachita ngozi ku Brooklands imene inapha Clive Dunfee, nkumangidwanso. Kampani ya Middlebridge inagwirizana ndi Edward Hubbard kuigula pa mapaundi 10 miliyoni, kenaka inakana, ikunena kuti imeneyo siija inapambana Le Mans. Woweruza Otton anavomereza kuti galimotoyo sinalinso mmene inatulukira kufakitale. Komabe anagamula mokomera wogulitsa, chifukwa mbiri yake inali yosaduka: kusintha kulikonse kunachitika pa galimoto imodzi yomweyo, ndipo panalibe ina yoti ingalande dzinalo.

Chigamulo chimenechi chimathandiza 1046, koma chimaiikiranso udindo. Ngati chimene chimapangitsa galimoto kukhala yeniyeni ndi mndandanda wosaduka wa zimene zinaichitikira, ndiye kuti Daytona ya 1967, zaka za kuzulidwa masipeya, ngakhale maloto a munthu uja wofuna kuiyendera m'tauni, zonsezo ndi mbali ya umboni. Wokonza akasankha Juni 1966 amakhala wasiya zinazo, ndipo palibe chifukwa chobisira kuti pamenepo pali kutaya. Kusankhako nkolondola, pakuti palibe tsiku lina m'moyo wa galimotoyi lolemera kuposa limenelo. Koma chilichonse chochotsedwa chiyenera kusungidwa, kulembedwa ndi kuyenda limodzi ndi galimotoyo ikagulitsidwa. Chitsulo chatsopano chilichonse chidziwike kuti nchatsopano. Wokonza amene amakalambitsa dala chitsulo cha dzulo kuti chioneke cha 1966, osalemba paliponse, wanamiza anthu amene sanabadwe.

Kufunika kwa zolembazi kukukulirakulira chifukwa makampani eni ake ayamba kupanganso magalimoto awo akale. Mu 2018 Jaguar inalengeza kuti imanga ma D-type 25 atsopano, mtundu umene unapambana Le Mans kuyambira 1955 mpaka 1957. Mu 2022 Bentley inalengeza ma Speed Six 12 atsopano. Ma GT40 otengera akale nawonso alipo ambirimbiri, ena opangidwa ku South Africa. Palibe cholakwika ndi magalimoto amenewa malinga akutchedwa chimene ali. Koma pakatha zaka 50 nawonso adzakhala ndi dzimbiri ndi utoto wosuwa, ndipo chodzawasiyanitsa ndi 1046 adzakhala mapepala ndi zithunzi zimene okonza a lero asiya.

Nanga dandaulo loti zonsezi ndi masewera a olemera? Nzoona kuti ndi ochepa padziko angakwanitse kulipira maola 4,000 a amisiri pa galimoto imodzi. Koma ndalamazo zimathera m'manja mwa anthu osula zitsulo, osoka mipando, oumba bodi ndi omanga injini, ndipo luso lawo likanatha kale pakanapanda ntchito zotere. Chimene anthu wamba ali ndi ufulu wofunsa kwa mwini galimoto yotere nchakuti asaitsekere m'chipinda. Kauffman pamenepa sanalakwe. Anaitengera ku Le Mans mu Juni 2016, sabata imene Ford inabwerera ndi GT yatsopano nkupambana m'gulu la GTE Pro, Joey Hand, Dirk Müller ndi Sébastien Bourdais akuyendetsa, zaka 50 zenizeni chipambanire 1046. Mu Ogasiti chaka chomwecho inaonetsedwa ku Pebble Beach, ku California, pamodzi ndi ma GT40 ena otchuka.

Mwa madalaivala ake awiri panalibe amene anaiona kumeneko. McLaren anafa pa 2 Juni 1970 akuyesa galimoto ya kampani yake ku Goodwood, ali ndi zaka 32. Amon, amene anayendetsa Formula One zaka zambiri osapambana ngakhale mpikisano umodzi wa chikho cha dziko lonse, anamwalira kwawo ku New Zealand pa 3 Ogasiti 2016. Amakaniko ambiri amene anaigwira mu 1966 nawonso anapita. Remington anamwalira mu 2013, ntchito ya ku New Hampshire isanayambe. Anthu oti nkufunsidwa kuti paipi iyi munaidutsitsiranji apa akutha chaka ndi chaka, ndipo imeneyi ndiyo mfundo yamphamvu yoti ntchitoyi inayenera kugwiridwa nthawi imeneyo, osadikira.

Latsala ndi funso loti izithamanga kapena ayi. Kuilowetsa m'mipikisano ya magalimoto akale, kumene madalaivala amagundana pakhona polimbirana chikho, kungakhale kusasamala, chifukwa chesesi imeneyi ndi imodzi yokha. Ntchito imeneyo ndi ya ma GT40 otengera aja. Koma kuisiya osailiza nakonso kumaiwononga: mphira zimauma, matumba a petulo a m'zipupa zija amang'aluka, chinyezi chimadya chitsulo kuchokera m'kati. Iyenera kulizidwa ndi kuyendetsedwa pamaso pa anthu kangapo pachaka, ku Goodwood kapena ku Le Mans Classic, ndi dalaivala wodziwa kuti mabuleki ake ndi a 1966. Ndipo tayala, paipi kapena bauti iliyonse imene idzasinthidwe ikabwerako idzalembedwe m'buku lomwelo limene a Rare Drive anayamba mu 2014.